Bwinja Limene Bambo Anakonza

Kuseri kwa nyumba imene ndimachita lendi ku Etobicoke kuli bwinja. Sindikunena nyumba imene eni ake anathawa kapena anatha ndi imfa, ayi. Ndikunena bwinja lomanga dala. Munthu wamkulu, wamutu wake bwinobwino, anagula miyala ndi simenti n'kutha zaka akumanga chinthu choti chizioneka ngati chinagwa kalekale. Khoma lina limalekeza m'chiuno, lina limakwera n'kukathera m'malere, pakati pali khomo lopindika pamwamba lopanda chitseko, ndipo zenera lake ndi theka. Kumbuyo kwake kuli chigwa cha mitengo chotsetserekera ku kamtsinje.

Eninyumba ndi gogo wachizungu wobadwira ku Mangalande, amene anaphunzitsa zojambula mpaka kupuma ntchito. Iwo amakhala pamwamba, ine m'zipinda zapansi, ndiye ndimangowatchula kuti Agogo a Pamwamba. Bwinjalo anamanga ndi malemu amuna awo. Chaka chimene ndinalowa m'nyumbamo anandiitanira tiyi kuseriko, n'kundikhazika pampando chofulatira bwinjalo. Kenako anandipatsa kagalasi kakuda, kotukumuka pakati, kokwana m'dzanja.

"Usatembenuke," iwo anatero. "Yang'ana m'menemo."

"Koma agogo, chinthucho chili kumbuyo kwangaku."

"Ndi mmene amaonera."

Ndinayang'ana. Bwinja, chigwa ndi mtengo wouma umene unali pambali, zonse zinalowa m'kagalasimo zitachepa, zitada ngati tiyi wopanda mkaka. Agogowo anayamba kufotokoza. Akuti kale kwawoko ojambula sankalabadira mapiri ndi mitengo. Zinkangoikidwa kumbuyo kwa bwana, hatchi yake ndi galu wake, kuti pasakhale poyera. Kenako ana a anthu olemera anayamba kupita ku Italy n'kumabwerako ndi zithunzi za mabwinja, mitsinje ndi abusa ogona pansi pa mitengo. Atazipachika m'nyumba n'kusuzumira pazenera, anapeza kuti dziko lawo silikufanana ndi zithunzizo. M'malo mosintha zithunzi, iwo anayamba kusintha dziko. Anakumba nyanja pamene panali minda, anasuntha midzi imene inkatchinga maso, anamanga mabwinja, ena mpaka kudzala mitengo youma kale. Ojambula a kwawo nawo anayamba kuyendayenda m'mapiri ndi penti wamadzi, ndipo m'mbuyo mwawo munkabwera anthu okaona malo, aliyense ndi kagalasi kake. Munthu ankayenda ulendo wautali pangolo, matako kuwawa, ndipo akafika pamalo okongolawo ankawafulatira. Ena akuti ankagwera m'maenje.

Panalinso malamulo. Chosalala n'chosakongola, chokongola ndi chokhakhala ndi chogumuka. Mtengo ukhale m'mbali, pafupi pade, kutali kuwale. Ng'ombe ziwiri sizipanga chithunzi, zizikhala zitatu. Munthu akakhalamo akhale wamng'ono, wansanza, ndipo asamagwire ntchito.

Ine ndinakulira ku Ntcheu, m'tsinde mwa mapiri amene alendo amaimitsa galimoto kuti awajambule. Ife phiri tinkalidziwa kuti ndi kotola nkhuni, ndiponso kochokera anyani otha chimanga. Bwinja tinkalidziwanso: ndi pamalo pamene sudutsa wekha, ndipo ukamadutsa ndi amako amatsitsa mawu n'kukuuza amene anafera pamenepo. Koma nyumba n'njawo, ndipo malo okhala ku Toronto sapezeka wamba. Ndinati, "Zokongola kwambiri, agogo," n'kuwabwezera kagalasi kawo.

Bambo anga ndi mmisiri womanga nyumba. Ndi munthu woti akalowa m'nyumba ya eni, asanapereke moni amayamba wayang'ana ngodya. Amayi atamwalira, iwo anatsala okha m'nyumba imene anamanga ndi manja awo pafupi ndi boma la Ntcheu, achimwene anga ali ku Joni, ine kuno. Tsiku lina anagwa kubafa chifukwa cha bipi, ndipo amene anawapeza ndi mayi wogulitsa matemba amene anadabwa kuti odi sakuyankhidwa. Ndinalimbana ndi za ulendo wawo mpaka anabwera kuno. Ndinene mosabisa: sindinawaitanire kudzacheza. Ndinkafuna akhale ndi ine mpaka kalekale. Imfa ya amayi ndinaimvera pa foni, ndili m'basi ya ku Mississauga kumene ndimasamalira okalamba, ndipo sindinkafuna kudzalandiranso foni yotero.

Iwo sankafuna. Anafika sinowo atangotha, mitengo ikuphukira, ndipo sabata isanathe anali atagogoda makoma onse a m'nyumba mwanga. "Makatoni awa," anatero. "Iwe ukugona m'katoni." Tsiku lonse ankakhala pansi pa kazenera kathu, kamene kamaonetsa matayala a galimoto ndi miyendo ya agalu. M'mawa ndikawapatsa tiyi, m'malo mwa zikomo ankati, "Iwe, undigulire tikiti." Ndinkapsa mtima mpaka makutu kutentha, koma bambo ako suwakalipira. Ndinkakalipira ketulo.

M'mawa wina, ndikuthamangira basi, ndinawapeza ataima pakona ya nyumba, manja kumbuyo, akuyang'ana bwinja lija.

"Kodi apa panachitika chiyani? Moto?"

"Ayi, anamanga ndi amuna awo a agogowa."

"Ali kuti?"

"Anamwalira."

Bambo anavula chipewa. "Chitseko asanaike?"

"Bambo, zisiyeni zimenezo, ndidzakufotokozerani."

Ndinathamanga, basi ndinaipeza, ndipo nkhani ya bwinja inandichoka m'mutu.

Pasanapite nthawi, Agogo a Pamwamba anapita kuchipatala kukachitidwa opaleshoni ya m'chiuno, ndipo kuchoka kumeneko anayenera kukakhala milungu ingapo kumalo ophunzirirako kuyenda. Tsiku lonyamuka bambo anawanyamulira chikwama mpaka pagalimoto. Chingerezi cha bambo n'cha pa ntchito za makontirakitala, chokwanira kulandira malangizo ndi kukana kulakwa. Agogo anawagwira dzanja n'kunena kuti aziwayang'anira munda wawo. Bambo anawerama pang'ono n'kuyankha kuti, "Musadandaule, madamu. Mudzapeza zonse zili m'malo."

Kuyambira sabata imeneyo bambo anasintha. Za tikiti anasiya. Anayamba kudzuka ine ndisanadzuke, kudya mbale yonse, ngakhale kuimba nyimbo za kwaya m'bafa. Anandifunsa ngati ndili ndi ndowa yakale. Tsiku lina ndinaona fumbi loyera pa thalauza lawo, lina ndinapeza burashi yanga yokwechera mapoto itatheratu mano. Sindinafunse kanthu. Khomo langa lili m'mbali mwa nyumba, kuseri kumatchingidwa ndi mpanda wa zitsamba, ndipo mwezi umenewo ndinkagwira mashifiti awiriawiri chifukwa anzanga anali pa holide. Kunena zoona, ndinkangosangalala. Ndinauza anzanga kuntchito kuti bambo anga ayamba kuzolowera Canada.

Loweruka lina masana anandipeza ndikupinda zovala. Anali atasamba, atapesa. "Tiye ukaone," anatero.

Titazungulira mpanda, ndinaima njo, mutu n'kuima. Bwinja kunalibe. Pamalo pake panali kanyumba. Makoma onse anali atakwezedwa kufika muyezo umodzi, atapakidwa pulasitala ndi laimu, ali mbee. Pamwamba panali malata. Zenera la theka lija linali lathunthu, lamagalasi, ndipo pakhomo lopindika lija panali chitseko chobiriwira chokhala ndi loko. Zomera zonse zimene zinkayanga pakhoma anali atazula, ndere atakwecha mpaka mwala uliwonse kuwala. Kutsogolo anaikako kakhonde. Udzu wozungulira anaulima n'kusesa bwalo lonse, mizere ya tsache ikuoneka. Mtengo wouma uja unali nkhuni, zowaza bwino, zosanjidwa pambali pa khoma.

"Bambo, mwachita chiyani?"

"Ndamaliza."

"Mwamaliza chiyani?"

"Ntchito ya malemu. Mayi wamasiye, wopanda mwana wamwamuna pafupi, azidzuka tsiku ndi tsiku n'kumaona khoma limene mwamuna wake anasiyira panjira? Anthu a kuno alibe chisoni. Maneba onsewa, palibe ndi mmodzi yemwe wobwera ndi fosholo."

Ndinakhala pansi pa kakhondeko. Ndinafotokoza zonse: za ana a anthu olemera, za Italy, za kagalasi, za kufulatira. Ndinawauza kuti malemuwo anamanga bwinja dala, ndipo analimaliza. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Munthu wamkulu, wapabanja, amange bwinja? Iwe, usamanyoze akufa. Ndaona maziko ake. Munthu ameneyu ankadziwa ntchito, imfa ndiyo inamudula."

Poti bambo sindikanawakalipira, ndinafunsa kumene anapeza simenti ndi malata. Anali achimwene ena a ku Mangochi okhala ku Scarborough, amene amasamutsa anthu pa kalole kawo. Anadziwana ndi bambo pa chikondwerero china cha Amalawi. Ndinawaimbira pomwepo n'kuwathira mawu onse amene ndinasungira bambo.

"Aa, sisi, musandishawute," iwo anatero. "Madala anandikola pa foni kuti akuthandiza mayi wamasiye, ine ndinangodiliva zotsala za pa saiti. Ndimaganiza kuti munaapuluva. Koma ntchito ndi yakilini, eti? Mwaona kona?"

Kona ndinaiona. Inali yolunjika kuposa chilichonse mumsewu wathu wonse.

Tsiku limene agogo ankabwerera, bambo anavala suti yawo ya ku tchalitchi n'kukaima pakhonde la kanyumbako, kiyi ali m'manja atamumangirira kachingwe. Ine mtima unali m'malere. Ndinkaona zinthu ziwiri zikubwera pamodzi: ine kuthamangitsidwa m'nyumba, bambo kukwera ndege. Ndinayesa kuwanyengerera agogo kuti ayambe apuma, koma iwo anati milungu yonseyi akhala akulota munda wawo. Anayenda pang'onopang'ono ndi chogwirira chawo chamawilo mpaka kuseri, ndipo atazungulira mpanda anaima.

Ndege inadutsa pamwamba pathu ikutsikira ku bwalo, phokoso lake n'kutha. Kenako agogo anapisa dzanja m'thumba la juzi, natulutsa kagalasi kaja. Anatembenuka movutikira, nafulatira kanyumbako, n'kuyang'ana. Ndinasuzumira paphewa pawo. Ngakhale m'kagalasimo, chinthucho chinkaoneka ngati kanyumba ka mlonda wa pa chigayo.

"Mtengo wanga uli kuti?" anafunsa.

Bambo analoza nkhuni monyadira. "Zouma bwino, madamu. Zikwana chisanu chonse."

Agogo anayamba kulira. Bambo anandiyang'ana n'kugwedeza mutu ngati akuti waona, ndinanena. Ankayesa misozi ya chimwemwe. Anayandikira kuti apereke kiyi ndi manja awiri. Pamenepo agogo anayamba kuyankhula, osati mokalipa, koma motsitsa, ndipo ine ndinayenera kumasulira chifukwa mawu ankatuluka osweka. Anati zenera la theka lija amuna awo analimanga nyengo yonse yotentha, kuika mwala, kuuchotsa, kuuikanso, iwo atakhala pampando ndi kagalasi n'kumawauza kuti pang'ono kumanzere. Anati ndere zija zinatenga zaka kuti zimere, ndipo zinayamba kuoneka bwino chaka chimene amuna awo anadwala. Anati m'nyumba monse munalibe malo amene ankawapezamo amuna awo ngati pamenepo.

Ndinamasulira zonse, osachotsapo. Ndinaona nkhope ya bambo ikugwa. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanawaonepo akuchita manyazi ndi ntchito ya manja awo, ndipo zinandipweteka kuposa mantha a nyumba aja. Anaika kiyi m'thumba, navula chipewa.

"Pepani, madamu. Ndigumula."

Madzulo amenewo sanadye. Ine ndinangodikira mawu a tikiti. Koma m'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi phokoso la malata. Anali padenga, akuzula misomali n'kumaiwongola umodziumodzi.

Malata, chitseko ndi magalasi zinachoka mosavuta. Vuto linayamba atafika pa makoma. Agogo anatulutsa mpando, nakhala chofulatira ntchito, bulangete pamiyendo, kagalasi m'manja, n'kumalamula. Bambo ali kumbuyo kwawo ndi nyundo ndi tchizulo. Koma bambo sankatha kugumula mokhota. Akagumula khoma, chotsalacho chinkakhala cholunjika ngati tebulo. Akati achotse miyala apa ndi apo, ankachotsa mosiya mipata yofanana.

"Kwalunjika kwambiri!" agogo ankafuula, maso ali m'kagalasi.

Bambo ankatulutsa levulo yawo, n'kuika pakhoma, n'kuvomera kuti inde kwalunjika, kankhope kakuwala pang'ono. Tsiku lachitatu la mkangano umenewu agogo anawapempha levuloyo ngati akufuna kuiona, n'kuikhalira. Chingwe choyezera anachiika m'thumba la juzi. Bambo anabwera kudzandidandaulira kukhitchini kuti mmisiri wopanda levulo ndi wakuba. Ndinawauza kuti abwerere kuntchito, kapitawo akudikira. Umenewo unali mwayi wanga woyamba kuwalamula bambo anga, ndipo ndinaumva kukoma.

Pulasitala atachoka, miyala inatsala yoyera ngati yotsuka. Agogo anandituma kukagula yogati wambiri, wosatsekemera, n'kuuza bambo kuti apake pakhoma ndi burashi kuti ndere zimere msanga. Bambo ananunkhiza, nalawa ndi chala.

"Iwe, chambiko ichi. Kuno amadyetsa khoma chambiko?"

"Pakani, bambo."

"Ana akugona ndi njala kwathu."

"Pakani."

Theka anapaka, theka anamwa atabisala kuseri kwa khoma lalitali, kumene kagalasi sikafika.

Kenako panabwera nkhani ya mtengo. Bambo anadzipereka kudzala wina, ndipo achimwene a ku Mangochi aja anabweretsa kamtengo kabwino kamasamba. Agogo anakakana. Anafuna wakufa, wokhota, wanthambi zothyoka. Achimwenewo anafufuza Scarborough yense, ndipo mphepo yamkuntho itawomba anabwera nawo wina utagona pa kalole, atamangirira kansalu kofiira kumapeto.

"Sisi, ine ndamuvapo masofa, mafiriji, ngakhale piyano," anatero akupukuta thukuta. "Koma mtengo wakufa woti ukadzalidwe, iyi ndi fesiti. Mukaiposita pa gulupu, dzina langa musaike."

Anakumba dzenje, nauimika, nathira simenti m'tsinde, agogo akuwongolera chofulatira kuti upendekere kumanja. Mawa lake ndinawaona bambo akuuthirira ndi ndowa. Nditawafunsa anati chodzala amathirira, za kuphuka n'za Mulungu.

Chiuno chitayamba kulola, agogo anatulutsa mapepala ndi penti wawo wamadzi. Anati chithunzi chimafuna munthu, ndipo anapempha bambo kuti akhale munthuyo, atavala zovala zawo zantchito zong'ambika m'mawondo. Bambo anavomera ndi ulemu wonse. Pa nthawi yake anatulukira atavala suti, tayi ndi nsapato zopolisha, n'kuima pakhomo la bwinjalo, chifuwa patsogolo, manja m'mbali, maso kwa wojambula.

"Auze kuti avale zakale zija," agogo anandiuza. "Akhale pamwala, atsamire ndodo, ayang'ane kutali. Asachite chilichonse."

"Ndani amajambulitsa atavala nsanza?" bambo anayankha. "Chithunzi chimapita kutali. Ndipo ndikhale pansi masanasana, anthu aziti ndine mlesi?"

Anakangana, ine ndili pakati ngati mpira, mpaka anagwirizana kuti bambo avule tayi yokha. Anaima pamenepo masana onse osagwedezeka. Chithunzi chitatha bambo anapukuta manja, navala magalasi awo, n'kuyamba kudzifufuza. Anadzipeza pansi pakona, ali wamkulu ngati njere ya nyemba, wopanda nkhope, atavala chinthu chofiirira chonga thumba. Pafupi nawo panali ng'ombe zitatu.

"Ng'ombezi n'zandani?"

Agogo anati si za munthu, zangoikidwa kuti diso lipumirepo.

"Ng'ombe yopanda mwini kulibe. Zikalowa m'munda wa eni, mlandu ugwera ndani? Amene waima pafupi ndine."

Agogo anaseka mpaka kugwira chiuno chawo chatsopano, ndipo ndinazindikira kuti za kundithamangitsa zatha. Anayamba kumwera tiyi limodzi kuseriko, wina akuyang'ana kutsogolo, wina kumbuyo. Bambo ankabwera madzulo ndi nkhani za madamu, akudandaula koma akumwetulira. Ine ndinati ndapambana. Ndinapita kukawagulira chijasi chokhuthala ndi nsapato za sinowo, ndipo ndinaimbira achimwene ku Joni kuwauza kuti nkhani ya bambo yatheka.

Chimene chinkasowabe chinali khoma lalitali lija. Agogo ankati likuoneka logumulidwa, osati logwa lokha, ndipo sankatha kufotokoza kusiyana kwake. Tsiku lina ndili pa ofu, ndikuyanika zovala, ndinamva bambo akuika nyundo pansi.

"Madamu, nyumba sigwa chonchi," anatero pang'onopang'ono, akusakaniza Chingerezi ndi manja. "Imayamba ndi denga. Lata limodzi likazuka, madzi amalowa pamwamba pa khoma. Mng'alu umayambira pakona ya zenera n'kutsika chopendekera. Mbali yoyang'ana kumene mvula imachokera ndiyo imayamba kudyeka. Miyala sigwera kutali, imagwera m'kati. Kenako udzu umamera pamene panali bedi."

Agogo anatsitsa kagalasi, natembenuka, nawayang'ana ndi maso awo enieni. "Chitani zimenezo," anatero.

Kuyambira pamenepo sanawalamulenso. Bambo ankagwira okha, mwakachetechete, osaimba. Ankaima nthawi yaitali akuyang'ana khoma, kenako n'kugogoda pamalo amodzi, mwala n'kugwera m'kati. Anasema mng'alu kuchokera pazenera. Anakatenga dothi kuchigwa n'kuthira m'kati, nadzalamo udzu ndi chisoso cha kuno. Levulo anabwezeredwa, koma sanaigwirenso. Ndinaona kuti ayambanso kusiya chakudya m'mbale, ndipo ndinati n'kutopa.

Ntchito inatha masamba atafiira, mphepo itayamba kuluma makutu. Masana amenewo agogo anatiitana tonse kuseri. Anayang'ana m'kagalasi nthawi yaitali, ndipo anati bwinjalo n'lokongola kuposa kale, amuna awo akanachita nsanje. Kenako anapereka kagalasiko kwa bambo. Miyezi yonseyi bambo anali asanakagwirepo, ankati n'zachibwana. Tsiku limenelo anakalandira ndi manja awiri, nafulatira ntchito yawo, n'kuyang'ana.

Anayang'ana mpaka tiyi anazizira.

"Lafanana," anatero.

"Ndi zithunzi zakale zija?" ndinafunsa, ndikukonzeka kumasulira.

"Ndi kwathu." Sanatembenuke. Ankayankhula ndi ine, m'Chichewa, maso ali m'kagalasi. "Pochoka ndinasiya lata limodzi likugwedera, la kuchipinda kwa amako. Ndinati ndikabwera ndidzakhoma. Mvula yoyamba ili pafupi. Zonse ndachita apazi, mvula ikazichita yokha kumene kuja, ndipo sidzafuna woiuza kuti kumanzere."

"Bambo, tituma munthu akakhome."

"Lata akhoma. Nanga moto akasonkha ndani? Nyumba yopanda utsi imadziwa." Anapukuta kagalasi ndi mkono wa malaya. "Kuno bwinja amalijambula. Kwathu odutsa pamsewu amaloza n'kunena kuti mukuona apo, mwini wake anali mmisiri, ana ake ali kunja. Ukandiletsa ndikhala, mwana wanga. Ndiwe wandisunga. Koma ndizidzuka m'mawa uliwonse n'kumaona nyumba ya amako pazenera la eni."

Sanatchule tikiti. Akanatchula ndikanakangana nawo monga mwa masiku onse, ndipo mawu ndinali nawo okonzeka: bipi, bafa, mayi wa matemba. Koma anandipatsa chilolezo chowaletsa, ndipo ndinalephera kuchigwiritsa ntchito. Ndinakwiyira agogo, ndinakwiyira malemu amuna awo, ndinakwiyira ana onse a anthu olemera amene anapita ku Italy. Kenako ndinalira, pamaso pa onse awiri.

"Akuti chiyani?" agogo anafunsa.

"Akuti ntchito yatha."

Ananyamuka sinowo asanagwe. Achimwene a ku Mangochi ndiwo anatiperekeza ku bwalo la ndege pa kalole, bambo ali pakati, levulo itakulungidwa m'thaulo m'sutikesi. Agogo anawapatsa chithunzi cha ng'ombe zitatu chija, ndipo bambo anachilandira agogowo atawatsimikizira kuti ng'ombezo tsopano n'zawo.

Chakumapeto kwa chaka bambo ananditumizira chithunzi pa foni. Chinali khoma la nyumba yathu, lopakidwa laimu watsopano, lodzaza chithunzi chonse. Munalibe phiri, munalibe mtengo, munalibe munthu. Pamwamba pankaoneka m'mphepete mwa malata, ndipo pakona panali chala chawo chitatchinga. Ndinakwera nacho kwa Agogo a Pamwamba. Anavala magalasi, nachiyang'ana nthawi yaitali, nachitalikitsa, nachiyandikitsa.

"Pakufunika mtengo kumanzereku," anatero.

Ndinatenga foni yanga, n'kutsikira kwanga kukaphika chakudya cha munthu mmodzi.